Kodi tingakwere Sapitwa pa tchuthi cha masiku awiri?

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe: “Ndine mlembi wa gulu la achinyamata pampingo wathu. Tagwirizana anthu 14 kuti pa tchuthi cha pa 6 Julaye tikakwere Sapitwa ku Mulanje. Maganizo athu ndi onyamuka kuno Lachisanu usiku, kukwera Loweruka, n'kubwerera Lamulungu. Anzanga ena akuti namulondola ndi wongotidyera ndalama poti mafoni athu ali ndi mapu, pamene mayi anga akundiletsa, akuti kumeneko kuli mizimu yomwe imasowetsa anthu. Kodi choopsa chenicheni n'chiyani?”

Mayi, zikomo pofunsa musananyamuke, chifukwa ambiri amafunsa atabwerako ndi bondo lotupa. Sapitwa mungathe kukwera, ndipo anthu wamba amene si akatswiri amafikako chaka ndi chaka, koma ndondomeko imene mwalembayi musaitsate. Ndikati ndiyerekeze mawu a anzanuwo ndi mawu a mayi anu, ndikuona kuti mayi anu ndiwo ali pafupi ndi choona, ngakhale kuti chifukwa chimene akupereka ndi chosiyana ndi changa. Anthu amasowadi pa Sapitwa, ndipo ena mwa iwo anali achinyamata amphamvu, ophunzira, ozolowera kuyenda maulendo.

Tiyambe ndi kukula kwa ntchito imene mukufuna kugwira. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo palibe malo ena okwera kuposa pamenepo m'Malawi muno. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050. Ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya zankhalango ndiponso kumene anthu ambiri amayambira ulendo, n'kotsika kuposa kuno, ndiye kuti miyendo yanu iyenera kukukwezani mamita opitirira 2,000. Kuti muchione bwino chiwerengerochi, ganizirani phiri la Dedza, lomwe nsonga yake ili pa mamita 2,198: kuchokera m'tauni ya Dedza kufika pamwamba pake ndi mamita pafupifupi 600. Sapitwa ndiye kukwera phiri la Dedza katatu motsatizana n'kuwonjezerapo, kenako n'kutsika mtunda wonsewo. Komanso Mulanje si phiri limodzi losongoka ngati la Bunda, loti ukatayika ungoyang'ana kumunsi n'kuona msewu. Ndi dziko lina lokwera m'mwamba, lotambalala makilomita oposa 20 mbali iliyonse, lokhala ndi zigwa, madambo, mitsinje ndi nsonga zambiri, ndipo m'mphepete mwake ndi maphompho a matanthwe. Khoma la kumadzulo kwa Chambe, imodzi mwa nsongazi, lokha ndi lotalika mamita pafupifupi 1,700.

Tsono taonani mmene nthawi ikukukanirani. Kuchokera kuno kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa mpaka ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300, ndipo mukafika ku Limbe mudakali ndi ulendo wa ku Chitakale, kenako makilomita ena pafupifupi 10 kuti mufike ku Likhubula. Mukanyamuka Lachisanu usiku mudzafika m'bandakucha musanagone, miyendo itauma ndi kukhala m'minibasi. Kuchokera ku Likhubula kufika ku kanyumba ka Chisepo, komwe kali m'tsinde mwa Sapitwa pa mamita pafupifupi 2,200, ndi ulendo wa tsiku lathunthu kwa munthu wozolowera, ndipo magulu ambiri amaugawa pawiri pogona kaye m'kanyumba ka ku Chambe. Kuchokera pa Chisepo kukafika pa nsonga pamatenga maola atatu kapena anayi, ndipo kutsika kumatenganso pafupifupi chimodzimodzi, chifukwa pamatanthwe otsetsereka munthu satsika mothamanga. Gulu la anthu 14 limayenda pa liwiro la munthu wotopa kwambiri mwa onsewo, choncho pa maola amenewa muwonjezerepo. M'mwezi wa Julaye dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo kuno kwathu mdima suchedwa kugwa dzuwa likangolowa. Pa ndondomeko yanuyi mdima udzakupezani muli pakati pa matanthwe, mutatopa, thukuta litanyowetsa zovala, ndipo apa ndi pamene payambira vuto limene ndikufuna ndikhalepo nthawi yaitali.

Chimene chimapha anthu pa Sapitwa kawirikawiri ndi kuzizidwa thupi litanyowa. Ife a ku Lilongwe timati tikudziwa kuzizira chifukwa cha m'mawa wa Juni, pamene timapita kokwerera minibasi titavala juzi n'kupinda manja, koma kuzizira kumeneko n'kouma ndipo pofika 9 koloko kwatha. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Ngati m'mawa wina kuno kuli madigiri 10, pamwamba pa Sapitwa pangathe kukhala pozizira mpaka madzi kuuma, ndipo n'zoona kuti m'miyezi ya Juni ndi Julaye chisanu chimagwa m'madambo a pamwamba pa phirilo. Onjezanipo mphepo, yomwe pamwambapo ilibe mtengo woitchinga.

Ndiye pali chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mphepo yake imachokera. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti mphepo yochokera kummwera chakummawa imabweretsa mpweya wachinyezi wa kunyanja ya Indian Ocean, ndipo ukagunda phiri la Mulanje umakakamizika kukwera, n'kuzizira, n'kusanduka chifunga ndi mvula yamawawa. Kuno chiperoni timangochiona ngati tsiku la mitambo, koma ku Mulanje chimatha kukhala masiku awiri, atatu, ngakhale kupitirira, osaleka. Chinyengo chake chili pakuti sichibwera ndi mabingu ochenjeza munthu. Mumanyamuka pa Chisepo kumwamba kuli mbee, nyanja ya Chilwa ikuoneka patali, koma pakapita kanthawi mumaona kamtambo koyera kakukwawa m'chigwa kuchokera kumunsi, ndipo musanamalize kukambirana zoti muchite, mnzanu amene ali mamita 10 patsogolo panu simukumuonanso. Tchuthi cha pa 6 Julaye chili pakatikati penipeni pa nyengo imeneyi.

Thupi la munthu limagwira ntchito bwino likakhala pa madigiri 37, ndipo likatsika kupitirira pa 35 munthuyo ali pangozi. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, n'chifukwa chake munthu wonyowa angathe kufa ndi kuzizidwa ngakhale pa tsiku limene madzi sanaume n'komwe. Poyamba amanjenjemera, zala n'kuyamba kukanika kugwira zinthu zing'onozing'ono. Kenako amayamba kupunthwa, kulankhula ngati woledzera, kukwiya popanda chifukwa kapena kungokhala chete osalabadira kanthu. Choopsa kwambiri n'chakuti kuzizidwa kumagwira ubongo, motero munthu amene ali pangoziyo ndiye womaliza kudziwa kuti ali pangozi. Akasiya kunjenjemera asanatenthedwe, musaganize kuti wapeza bwino, chifukwa pamenepo thupi lagonja. Ena akafika poipa amayamba kuvula zovala poganiza kuti akumva kutentha.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga zaka zapitazo, ndili ndi kagulu ka anthu asanu ndi namulondola mmodzi. Tinali titakwera maola awiri kuchokera pa Chisepo pamene chifunga chinatikuta. Mnyamata amene ankatsogola m'mawa wonse, wosewera mpira, wamphamvu kuposa tonsefe, anali atavala jinzi ndi malaya a thonje, ndipo zonse zinali zitamwa madzi. Titaima pansi pa mwala wina ndinamuona akulimbana ndi zipi ya jekete yake, akulephera kulowetsa kachitsulo kaja m'malo mwake. Anayesa kanayi, kenako anangoisiya n'kunena kuti palibe vuto. Namulondola wathu, bambo wachikulire wa kufupi ndi Likhubula amene sanali wolankhulalankhula, anamufunsa dzina la mudzi wa kwawo, ndipo mnyamatayo anatenga nthawi asanayankhe. Bamboyo anangoti, “Tibwerere, phiri lakana lero.” Awiri mwa ife anadandaula kuti tatsala pang'ono kufika, ndipo ndivomere kuti inenso mumtima ndinkafuna kupitirira. Tinamuvula zonyowazo pomwepo, n'kumuveka juzi youma imene ndinali nditaikulunga m'jumbo, n'kumupatsa tiyi wa shuga wambiri wa m'fulasiki, ndipo tinatsika naye pang'onopang'ono wina kutsogolo wina kumbuyo. Madzulo, atakhala pamoto m'kanyumba muja, ananena kuti za zipi ija sakuzikumbukira n'komwe.

Munthu wozizidwa amasamalidwa monga tinachitiramo: kumuchotsa pamphepo, kumuvula zonyowa, kumuyalira chinthu kuti asakhale pamwala kapena pansi penipeni, kumufunditsa mpaka kumutu, ndi kumupatsa chakumwa chofunda chotsekemera ngati ali maso ndipo akutha kumeza. Mnzake angathe kulowa naye m'bulangete kuti amugawire kutentha kwa thupi. Musamutikite manja ndi miyendo mwamphamvu, ndipo mowa musamupatse ngakhale pang'ono, chifukwa mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva ngati watenthedwa pamene kutentha kukutuluka m'thupi.

Mu Seputembala 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands anasiyana ndi anzake n'kulunjika ku Sapitwa yekha, ndipo ngakhale anthu anafunafuna kwa nthawi yaitali, sanapezeke mpaka lero. Mu Julaye 2009 mnyamata wa ku Brazil wa zaka 28, yemwe anali atayenda kale m'mayiko ambiri, anasiya namulondola wake m'munsi kuti akwere chigawo chomaliza yekha mofulumira, atavala zovala zopepuka. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka kumayambiriro kwa Ogasiti, patapita masabata pafupifupi atatu. Anafa ndi kuzizidwa. Pa nkhani ziwirizi chofanana n'chakuti onse anali okha pa chigawo chomaliza chija, ndipo wa ku Brazil uja anakwera m'mwezi womwewu umene inu mwasankha.

Chigawo chomalizacho chili ndi khalidwe lakelake. Kuchokera pa Chisepo palibe njira yopondedwa ngati ya kumunda. Poyamba mumakwera matanthwe aakulu osalala, otsetsereka, amene akauma nsapato imagwira bwino koma akanyowa amaterera ngati pansi pa bafa posambira sopo. Mukapitirira apo mumalowa m'dera la miyala ikuluikulu yosanjikizana, ina yaikulu ngati nyumba, ndipo pakati pake pali mipata yakuya yobisika ndi tchire. Pena mumakwawa pansi pa mwala, pena mumadzikoka ndi manja, pena mumapatsirana zikwama. Chokulondolerani ndi timadontho ndi timivi ta penti yofiira pamiyala, tomwe tina tinafufuma ndi dzuwa ndi mvula. Kukakhala kowala mumaona kadontho kamodzi muli pa kanzake. M'chifunga mukaphonya kamodzi kokha, mwala uliwonse umafanana ndi unzake, ndipo mtima umakuuzani kuti mungotsetsereka kulowera kumunsi. Kumunsiko nthawi zambiri kumakathera paphompho kapena m'chigwembe chimene mungathe kutsikamo koma osatha kukweranso.

Apa ndiye pakugwera mfundo ya anzanu ya mapu a m'foni. Foni ingathe kukuuzani kuti muli pafupi ndi njira, koma singakuuzeni kuti mwa mipata itatu imene ili patsogolo panu wolowamo ndi uti, ndipo pamalo otere kulakwitsa ndi mamita asanu n'kokwanira. Batire imatha msanga kukazizira, galasi la foni likanyowa silimva chala, ndipo netiweki imapezeka pena ndi pena pokha. Palinso china chimene mapu sasonyeza. Kwa zaka zambiri anthu ocheka matabwa mozemba akhala akudula mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene ndi chizindikiro cha dziko lathu ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse, mpaka mitengo ikuluikulu inatsala pang'ono kutheratu. Anthu amenewa, pamodzi ndi ootcha makala ndi otola nkhuni, anapondaponda tinjira tawo tambirimbiri, ndipo tina n'toonekera bwino kuposa njira yeniyeni. Mlendo amatsata njira yooneka bwino. Namulondola amadziwa kuti imeneyo ikukathera pachitsa.

Choncho namulondola mutenge, ndipo pa gulu lalikulu ngati lanu mutenge awiri, mmodzi kutsogolo wina kumbuyo, kuti wina akalephera panjira pakhale womutsitsa popanda kusiya enawo okha. Muwapezere ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, kumene mumalembetsanso mayina anu, njira imene mudzere ndi tsiku lotsika, osati kungotengana ndi aliyense amene wakuthamangirani pa Chitakale. Mugwirizane za malipiro musanayambe kukwera. Onyamula katundu nawonso musawaone ngati chinthu cha azungu: munthu amene sanazolowere akasenza chikwama cholemera tsiku lonse amafika pa Chisepo miyendo ikunjenjemera, ndipo mawa lake ndiye amene amaterereka. Anthu a kumeneko phirili amalidziwa ndi mapazi, moti chaka ndi chaka amachita mpikisano wa Porters' Race, wothamanga kukwera ndi kutsika mtunda umene ife timauyenda masiku awiri. Ndalama ya namulondola mukaigawana anthu 14 idzachepa kuyerekeza ndi ya minibasi. Koma chachikulu n'chakuti mugwirizane muli kuno kuti iye akati tibwerere, palibe kuvota.

Za mizimu ndiyankhe mosamala, chifukwa si nkhani yoseka. Dzina lokhalo lakuti Sapitwa likunena kuti kumeneko anthu sapitako. Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao okhala mozungulira phirili akhala akulilemekeza kuyambira kale ngati malo a makolo, ndipo pali malo ngati Dziwe la Nkhalamba kumene nkhani zake zimadziwika ndi mwana aliyense wa m'deralo. Mudzamva kuti munthu angathe kupeza chakudya chokonzedwa kale m'phirimo, ndipo akachipeza adye yekha osaitana anzake. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro zimenezi. Ine ntchito yanga ndi ya nyengo, miyala ndi thupi la munthu, ndipo sindidzakangana ndi mayi anu pa zimene amakhulupirira. Chimene ndaona n'chakuti malangizo a akuluakulu a kumeneko, oti usapite wekha, usachite phokoso ndi chibwana, usanyoze phiri, ndiponso ubwerere ukaona zizindikiro zokukaniza, ndi omwewo amene ine ndingakupatseni. Amene amanyoza mizimu kawirikawiri ndi yemweyo amene amanyozanso chifunga. Namulondola wanu akakuuzani mwambo wa pamalo ena, utsateni mwaulemu monga mmene mungachitire pamudzi pa eni ake.

Matenda obwera chifukwa chokwera pamwamba kwambiri musawaope mopitirira. Amayamba kuoneka munthu akapitirira mamita 2,500, ndipo pa nsonga ya Sapitwa mpweya ndi wopepuka moti pa kupuma kulikonse mumalandira pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a okosijeni amene mukanalandira m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mudzachita befu msanga, ena mutu udzawawa, ena adzamva nseru, koma popeza pamwambapo mumangokhalapo kanthawi n'kutsika, sizifika poopsa ngati pa Kilimanjaro, pa mamita 5,895, pamene anthu amagona masiku angapo m'mwamba. Amene ali ndi mphumu, vuto la mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi aonane kaye ndi dokotala, ndipo mankhwala ake asawaike m'chikwama chimene wanyamula munthu wina.

Mwina mungaganize zosamutsira ulendowu ku tchuthi cha Khirisimasi pothawa chiperoni. Musatero. Kuyambira Novembala mpaka Epulo choopsa chimakhala madzi ndi mphenzi. Pamwamba pa phirili ndi mwala, ndipo mvula ikagwa madzi salowa pansi, amangothamangira m'mitsinje ya Likhubula, Ruo, Thuchila, Lichenya ndi ina. Kamtsinje kamene munadumpha m'mawa osanyowa nsapato kangathe kufika m'chiuno masana, ngakhale pamene inu mulipo sipanagwe dontho. Mu 1949 mkulu wa zankhalango Fred France anakokoloka powoloka mtsinje wosefukira m'chigwa cha Ruo, ndipo kanyumba ka France's Cottage ku Chambe kamatchedwa ndi dzina lake. Mphamvu ya madzi ochokera m'mapiri amenewa tonse tikuidziwa: napolo wa ku Phalombe mu Malichi 1991 anapha anthu mazanamazana, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mapiri ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre, anthu oposa 1,000 n'kumwalira kapena kusowa m'dziko muno. Mtsinje ukadzaza, dikirani, chifukwa mitsinje ya m'phiri imaphwa msanga monga mmene imadzazira. Ngakhale m'chilimwe, maiwe a pansi pa mathithi ndi akuya komanso ozizira kwambiri, ndipo achinyamata amene amadumphiramo thupi lili lotentha ndi ulendo amadziika pangozi yomira. Ine nditati ndikusankhireni nyengo, ndingasankhe kumapeto kwa Ogasiti kapena Seputembala, pamene chiperoni chachepa ndipo mvula sinayambe, kungoti nthawi imeneyo muzisamala ndi moto wolusa m'maudzu ouma, ndipo musayatse moto pena paliponse kupatula m'tinyumba.

Mudziwenso kuti pamwambapo thandizo limachedwa. Munthu akathyoka mwendo pafupi ndi nsonga, wina ayenera kutsika kukanena, anthu asonkhane kumunsi, akwere, ndiyeno amunyamule pamachira kudutsa m'mipata ija imene munthu wabwinobwino amadutsa chokwawa. Zimenezi zingathe kutenga tsiku lonse kapena kupitirira, ndipo ngakhale helikopita itapezeka, m'chifunga siuluka. N'chifukwa chake kubinya phazi, komwe kuno ku Area 25 n'kongokwera kabaza kupita kuchipatala, pa Sapitwa kumasanduka nkhani yogona panja usiku wozizira. Aliyense anyamule katundu poganizira usiku umenewo, ngakhale akuyembekeza kubwerera masana.

Katunduyo si wodula monga mmene anthu amaganizira, ndipo wambiri mungamupeze pa kaunjika mumsika wa Lilongwe kapena wa ku Nsungwi komweko. Chofunika koposa ndi jekete yosalowa madzi ndi mphepo, ndipo muiyese kunyumba poithira madzi, chifukwa zambiri zimangooneka ngati zosalowa madzi. Mkati muvale zovala zingapo zopepuka zosanjikiza, za ubweya kapena za nsalu zija za masewero zouma msanga, kuti muzivula mukatenthedwa ndi kuvala mukaima. Jinzi ndi malaya a thonje zisiyeni kunyumba, pakuti zikanyowa siziuma ndipo zimamatirira pathupi. Chipewa chofunda, magolovesi, masokosi apadera ndi juzi imodzi zikhale m'jumbo yomanga bwino, ndipo zimenezi musazivale poyenda ngakhale kuzizire bwanji, n'zodzavala mukaima. Nsapato ikhale ya mapazi a labala okhala ndi mano, yomwe mwayenda nayo kale, chifukwa yatsopano idzakutulutsani matuza tsiku loyamba. Aliyense akhale ndi tochi yakeyake ndi mabatire apadera, osadalira ya pafoni, komanso wezulo, poti mawu a munthu amatha msanga ndipo mphepo imawameza. Chakudya cha m'thumba chikhale choti mungadye mukuyenda, monga mtedza, mbatata yophika, chigumu ndi nthochi, ndipo muzidya pang'onopang'ono musanamve njala. M'tinyumba ta m'phirimo mumakhala mlonda, nkhuni ndi malo osonkhapo moto, koma ufa, ndiwo ndi zofunda mumanyamula nokha, ndipo pa gulu la anthu 14 mufunsiretu ngati malo ogona alipo, popeza Chisepo ndi kanyumba kakang'ono.

Wina akasochera, lamulo ndi limodzi ndipo muliphunzitse gulu lonse musananyamuke: aime pomwepo. Ngati akukumbukira bwino kadontho kofiira komaliza ndipo kali pafupi, abwererepo, koma akapanda kutsimikiza asayendenso. Apeze mwala womutchinga kumphepo, avale zouma, akhalire chikwama, azidya ndi kuliza wezulo mobwerezabwereza. Ofunafuna amayambira pa njira, ndipo munthu amene akuyendabe amangotalikira kumene akumufunako. Muikenso nthawi yobwerera musanachoke pa Chisepo. Ine ndimanyamuka kukangocha, ndipo ikakwana 11 koloko tisanafike pa nsonga timatembenuka, kaya chipilala cha pamwamba chikuoneka kaya ayi. Kunena zimenezi muli pansi n'kosavuta, koma pamene mwayenda ulendo wochokera ku Lilongwe, mwasonkha ndalama miyezi itatu, ndipo anzanu a pa WhatsApp akudikira chithunzi, mtima umakana. N'chifukwa chake nthawiyo iyenera kugwirizanidwa mitu idakali yozizira.

Kukonzekera kuyambire kuno. Tili ndi mwayi kuti mapiri oyeserera ali pafupi: Bunda ndi wa theka la tsiku ndipo adzakuphunzitsani kuyenda pathanthwe lotsetsereka, Nkhoma ali ndi chigawo chomaliza chofuna manja, ndipo Dedza adzakulawitsani mphepo ndi chifunga. Mupite Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri, mutasenza zikwama zomwe mudzanyamule ku Mulanje, mutavala nsapato zomwezo. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Maulendo amenewa adzakuonetsani amene amayenda msanga, amene amatsalira, amene amabisa kutopa chifukwa cha manyazi, ndi amene samva zonena anzake, ndipo womalizayu ndiye wondidetsa nkhawa kuposa wofooka. Mudzapezanso kuti mwa anthu 14 aja si onse amene akufunadi Sapitwa. Ena akungofuna kuona phiri, ndipo amenewo kugona m'kanyumba ka ku Chambe kapena ka ku Lichenya, kuona dzuwa likulowa ali pamwamba pa mitambo, kudzawakwanira popanda kuchita manyazi.

Ulendo weniweniwo muupatse masiku asanu. Tsiku loyamba muyende masana kuchokera kuno n'kukagona ku Likhubula. Lachiwiri lake mukwere kukagona ku Chambe, lachitatu mufike pa Chisepo dzuwa likadalipo. Tsiku lachinayi ndilo la nsonga, ngati kwacha bwino ndipo namulondola wavomera, ndipo lachisanu mutsike. Mukatha kuwonjezera tsiku limodzi lodikirira nyengo, mwachita bwino koposa, chifukwa gulu limene lili ndi tsiku lapadera silikakamira kukwera m'chifunga. Ngati tchuthi cha pa 6 Julaye simungachisinthe ndipo masiku ndi awiri okhawo, pitani ku Dedza, kapena mukafike ku Likhubula n'kukwera mpaka ku Chambe kokha, Sapitwa mumusiyire ulendo wina.

Mayi anuwo musawatsutse, koma muwaonetse pepala lolembapo tsiku lililonse ndi kumene mudzagone, dzina la namulondola mukadzalidziwa, ndi tsiku ndi ola limene mudzawaimbire mutatsika. Muwauze kuti ola limenelo likadzapitirira ndi maola atatu musanaimbe, aimbire abusa anu ndi ofesi ya zankhalango ku Likhubula, ndipo manambala ake muwalembere papepala lomwelo. Pepala lina lotero musiyire mkulu wa mpingo amene sadzapita nawo.